Tifunseni: Ulendo woyamba wokapikula katundu ku Dar es Salaam

Funso: Ndimagulitsa zitenje ndi nsapato pamsika wa Kasungu. Katundu ndakhala ndikutumiza anzanga, koma Disembala uno ndikufuna kukapikula ndekha ku Dar es Salaam. Ndikonzekere zotani? Mayi wa geni, Kasungu.

Yankho: Mayi, yambani ndi pasipoti. Onani kuti yatsala ndi miyezi 6 kapena kuposerapo isanathe ntchito. Njira ndi ya M1 yomweyi: Mzuzu, kutsika Chiweta, Karonga, mpaka pachipata cha Songwe, chomwe tsidya linalo amati Kasumulu. Mukawoloka, msewu umakafika mumzinda wa Mbeya. Kuchoka ku Mbeya kukafika ku Dar es Salaam ndi makilomita opitirira 800, kudzera ku Iringa ndi Morogoro, ndiye musawerengere ulendo wa tsiku limodzi.

Chimene chimagwetsa ambiri ndi nthawi. Tanzania ili patsogolo pathu ndi ola limodzi, kotero mukangowoloka mlatho sunthani wotchi. Komanso m'Chiswahili maola amayamba kuwerengedwa dzuwa likamatuluka. Kondakitala akati "saa mbili asubuhi", mawuwo ndi oti maola awiri, koma akutanthauza 8 koloko m'mawa. Akati "saa kumi na mbili asubuhi", ndi 6 koloko, pomwe kuno ikadali 5. Wosadziwa amafika padepoti basi itanyamuka kalekale, tikiti ili m'manja. Muuzeni akulozereni pa wotchi kapena alembe manambala.

Kutentha kwa ku Dar es Salaam n'kosiyana ndi kwa Okutobala kuno. Mzindawu uli m'mbali mwa nyanja yamchere, mpweya ndi wachinyezi, thukuta silimauma, ndipo Disembala ndi umodzi mwa miyezi yotenthetsa. M'tinjira tothinana ta ku Kariakoo, dera la msika waukulu wa mumzindawu, mutasenza chikwama, mutu umayamba kuwawa isanakwane 12 koloko. Pikulani m'mawa, valani zopepuka, ndipo madzi akhale a m'botolo lomata. Onani chitsekerero musanalipire. Tengani mapaketi a Thanzi oti mumwe mukatsekula m'mimba: limodzi mumasungunula mu lita imodzi ya madzi abwino. Musachepetse madziwo poganiza kuti agwira msanga, chifukwa mchere ukachuluka kutsekula m'mimba kumakula.

Pobwereka chipinda, fufuzani neti kaye musanaone za wailesi yakanema. Malungo aliko, komanso kuli dengue, yomwe udzudzu wake umaluma masana, choncho mafuta othamangitsa udzudzu dzolani ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Thupi likatentha, kaya muli komweko kaya mwabwerako, kayezetseni musanamwe LA, ndipo auzeni achipatala komwe munali.

Ndalama sinthani kubanki kapena kumalo ovomerezeka, malisiti n'kusunga. Anyamata a pachipata amatchula mtengo wokoma, koma mashilingi ali ndi maziro ambiri ndipo mlendo sachedwa kusokonezeka powerenga. Zigaweni pawiri, zina zikhale m'kati mwa zovala. Majumbo apulasitiki asiyeni kuno, analetsedwa kumeneko mu Juni 2019.

Pa katundu aliyense itanitsani lisiti. Pobwerera a MRA pa Songwe adzafuna kuona zomwe mwagula ndi mtengo wake, ndipo popanda lisiti amayika mtengo womwe iwo akuona kuti ndi woyenera. Ndalama ya msonkho ndi yonyamulira mabelo muipatule musanalowe m'sitolo yoyamba.