Petulo wa E10 m'galimoto yakale: yankho kwa bambo a galimoto ya 1968

Bambo, mwafunsa ngati petulo wa E10 (wosakanizidwa ndi ethanol, amene ndi mtundu wa mowa) angawononge galimoto yanu ya 1968 yokhala ndi kabyuleta, ngati petulo wa octane yokwera angaiteteze, ndiponso kuti ndi mankhwala ati amene muyenera kumathira m'thanki. M'funso lanuli muli nkhani zitatu zosiyana, ndipo eni galimoto zakale ambiri amataya ndalama chifukwa choganiza kuti botolo limodzi lingathetse zonse.

Ndiyambe ndi octane popeza ndi yosavuta. Nambala ya 95 kapena 98 imene imalembedwa pa pampu sisonyeza mphamvu ya petulo. Imasonyeza mmene petuloyo amapirira kupanikizidwa mu silinda osaphulika yekha nthawi isanakwane. Akaphulika mwa njira imeneyi, mumamva injini ikulira ngati timiyala m'chitini, makamaka pokwera mtunda ndi giya yaikulu, ndipo zikapitirira pisitoni imawonongeka. Ngati injini yanu siichita zimenezi pa 95, kugula 98 sikuiwonjezera liwiro. Samalaninso ndi malangizo ochokera ku America, chifukwa kumeneko amalemba nambala yapakati pa miyeso iwiri, RON ndi MON, moti 91 wa kumeneko amafanana pafupifupi ndi 95 RON. Ethanol payekha ali ndi octane yoposa 100, choncho pa mbali iyi salakwa kanthu.

Nkhani yachiwiri ndi ya mtovu. Kuyambira m'zaka za m'ma 1920 petulo ankathiridwa mankhwala a mtovu otchedwa tetraethyl lead kuti octane ikwere, ndipo mtovuwo unkasiya kachiphimbo kofewa pamene vavu yotulutsa utsi imakhala. Petulo wotere anachotsedwa chifukwa ndi poizoni: ku Britain anasiya kugulitsidwa mu 2000, ndipo Algeria linali dziko lomaliza kumusiya mu 2021. Ngati hedi ya injini yanu ndi yachitsulo chosungunula ndipo sinaikidwe mipando yolimba ya mavavu (malo okhalapo mavavu), vavu imadya pang'onopang'ono malo ake, makamaka mukamayenda ulendo wautali pa liwiro lalikulu kapena mukamakoka katundu. Apa mankhwala olowa m'malo mwa mtovu, okhala ndi potassium, phosphorus kapena manganese, amathandizadi. Sankhani mtundu umodzi, muzithira mlingo wolembedwa pa botolo nthawi zonse, ndipo musasakanize mitundu. Tsiku limene hedi idzatsegulidwe, muuzeni makaniko aike mipando yolimba, nkhaniyi idzathera pomwepo. Mahedi a aluminiyamu amabwera kale ndi mipando yoikamo, ngakhale kuti si yonse imene ili yolimba mokwanira, choncho ndi bwino kufufuza za injini yanu.

Pamene ine ndimada nkhawa kwenikweni ndi pa ethanol. E10 akutanthauza petulo wokhala ndi ethanol wofika magawo 10 pa 100 alionse, E5 magawo 5. Ethanol amafewetsa ndi kung'alula labala wakale, amawononga magasiketi a cork ndi mathanki ena a fibreglass, komanso amasungunula litsiro limene linamatirira m'thanki kwa zaka zambiri n'kulipititsa ku fyuluta ndi ku majeti. Paipi ya petulo ikang'aluka pamwamba pa injini yotentha, chotsatira chake ndi moto, ndipo n'chifukwa chake ndikunena kuti ndalama yoyamba ipite ku mapaipi, osati ku mabotolo. Gulani paipi yolembedwa SAE J30 R9 kwa wogulitsa wodalirika, musinthenso labala wa m'kati mwa pampu ya petulo ndi magasiketi a kabyuleta.

Ethanol amakokanso chinyezi cha mumpweya, ndipo mathanki akale amapuma kudzera pa chivundikiro. Galimoto ikakhala miyezi osayenda, madzi amachuluka mpaka ethanol ndi madziwo amapatukana ndi petulo n'kukhala pansi pa thanki. Pamenepo dzimbiri limayamba, mkuwa ndi zinc za m'kabyuleta zimadyeka, ndipo petulo wotsala pamwamba amakhala atatsika octane. Galimoto yoyenda mlungu ndi mlungu siikumana kwambiri ndi vutoli. Imene imavutika ndi ija yosungidwa mosamala m'galaja, yotuluka kawiri pa chaka. Mankhwala oletsa dzimbiri ndi osunga petulo amathandiza pa zitsulo, koma dziwani kuti palibe mankhwala amene amachotsa ethanol m'thanki kapena kuteteza labala wosayenera. Njira imene ena amalimbikitsa yothira madzi mu petulo kuti akoke ethanol musaiyese, chifukwa imatsitsa octane ndipo ndi yoopsa kuichitira pakhomo.

Pali china chimene anthu amaiwala. Ethanol ali ndi okosijeni m'kati mwake, motero petulo wamba amafuna magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, pamene E10 amafuna pafupifupi 14.1. Galimoto zamakono zimadzikonza zokha, koma kabyuleta siidziwa kuti petulo wasintha, choncho injini imalandira mafuta ochepa ndipo imatentha kuposa kale. Makaniko wodziwa kabyuleta aichune kuti izipereka petulo wochulukirapo pang'ono ndi kuonanso taimingi. Ngati injini imavuta kulira ikatentha, mwina petulo akuwira m'mapaipi. Atalikitseni ndi ekizozi kapena muike chotchinga kutentha.

Kumene E5 akupezeka, mugwiritseni ntchito ameneyo. Ku Britain, E10 atakhala petulo wamba mu Seputembala 2021, E5 anapitiriza kugulitsidwa pa pampu ya octane 97 kupita m'mwamba, ndipo phindu lake kwa galimoto ngati yanu ndi kuchepa kwa ethanol, osati nambala yaikuluyo. Mukathira E10 kamodzi chifukwa chosowa wina, musade nkhawa. Yendani naye mpaka athe. Musanaimike galimoto kwa miyezi, dzazani thanki ndi petulo wa ethanol wochepa, thirani mankhwala osungira, ndipo muilize injini kwa mphindi zingapo kuti mankhwalawo afike m'kabyuleta.