Ntchito yolangiza aphungu ku America pa visa ya H-1B: malipiro oyenera ndi ati?

Funso lachokera kwa mayi wina amene akumaliza digiri yachiwiri ku America pa visa ya ophunzira ya F-1. Bungwe lina la mumzinda wa Austin, lomwe limalemba mabilu ndi kulangiza aphungu a chigawo cha Texas, lawalonjeza ntchito ndi kuwapemphera visa ya H-1B, yomwe imalola mlendo kugwira ntchito yofuna digiri ku America. Pa mapepala amene awaonetsa, ntchitoyo yaikidwa m'gulu la Legislators, nambala 11-1031, pa Level I, gawo lotsikitsitsa la malipiro. Auzidwanso kuti miyezi imene Nyumba ya Malamulo sikukumana azilandira theka la malipiro, komanso kuti ndalama za loya azidzawadula pang'onopang'ono. Akufuna kudziwa ngati lamulo likulola zimenezi.

Mayi, musavomere kuti pempholi lipite momwe liliri. Zinthu zitatu zonsezi zili ndi vuto, koma lalikulu ndi gulu limene aikamo ntchito yanu, chifukwa malipiro onse amachokera pamenepo.

Gulu la 11-1031 ndi la anthu osankhidwa pa chisankho: aphungu, masenata, makhansala. Inu simungakhale m'gululi. Malamulo oyendetsera dziko la America amati phungu wa House of Representatives akhale atakhala nzika zaka 7, ndipo wa Senate zaka 9. Texas nayo imafuna kuti phungu wake akhale nzika ya America. Mpando wa phungu sulembedwa ndi bwana, ndiye palibe amene angaupemphere H-1B. Ngakhale aphungu a maiko ena akamapita ku America pa ntchito ya boma lawo amayendera visa ya gulu la A, yomwe siyikhudzana ndi malipiro a ku America.

Nanga n'chifukwa chiyani wolemba ntchito angakonde nambala imeneyi? Malipiro a aphungu a zigawo zambiri ndi ochepa kwambiri, poti uphungu kumeneko sautenga ngati ntchito ya chaka chonse. Phungu wa ku Texas amalandira $7,200 pa chaka, kuwonjezerapo ndalama za tsiku Nyumba ikamakumana. Wa ku New Hampshire amalandira $100 pa chaka. Zoona, wa ku Congress, Nyumba ya Malamulo ya dziko lonse, amalandira $174,000, koma oterewa ndi ochepa poyerekeza ndi makhansala ndi aphungu a zigawo, choncho ziwerengero za gululi zimatsikira pansi. Kaya bungwelo lachita dala kaya loya wawo wangotengera dzina, mapeto ake ndi amodzi: mudzalipidwa mochepera munthu amene akugwira ntchito ngati yanu.

Lamulo limati wolemba ntchito munthu wa H-1B amulipire chachikulu pa ziwiri izi. Choyamba ndi actual wage, ndiko kuti malipiro amene bungwelo limapatsa antchito ake ena a maphunziro ndi luso lofanana ndi lanu pa ntchito yomweyo. Chachiwiri ndi prevailing wage, malipiro amene anthu a ntchito imeneyo amalandira m'dera lomwe muzikagwirira. Ngati mnzanu wa tebulo loyandikana nalo, woyamba chaka chimodzi ndi inu, amalandira $78,000 pomwe prevailing wage ndi $70,000, anu asatsike pansi pa $78,000. Ambiri amaiwala mbali yoyambayi n'kumangoyang'ana ziwerengero za boma.

Prevailing wage imapezeka motere. Ngati pamalopo pali mgwirizano wa malipiro pakati pa abwana ndi bungwe la antchito, umenewo ndiwo umagwira ntchito. Ngati palibe, ambiri amatenga ziwerengero za OEWS, zomwe amasonkhanitsa a Bureau of Labor Statistics ndipo unduna wa zantchito, Department of Labor, umazitulutsa zatsopano pa 1 July chaka chilichonse pa tsamba lake la FLAG. Aliyense angathe kuziona kwaulere: mumalowetsa nambala ya ntchito ndi dera. Bwana angathenso kugwiritsa ntchito kafukufuku wa malipiro wa kampani yodziyimira payokha ngati akukwaniritsa zofunika, kapena kupempha undunawu kuti umuuze wokha kudzera pa fomu ETA-9141. Njira yomalizayi imatenga miyezi, koma ndiyo imateteza bwana, chifukwa chiwerengero chimene undunawu wapereka wokha sautsutsa pambuyo pake, malinga ngati ntchitoyo idafotokozedwa moona.

Nambala ya ntchito imasankhidwa potengera zimene muzichita tsiku ndi tsiku, osati dzina la pa chitseko. Ngati ntchito yanu ndi kufufuza ndi kusanthula mfundo za boma, gulu loyandikira kawirikawiri ndi Political Scientists, 19-3094. Ngati ndi kuwerengera zimene bilu idzachite pa chuma, ndi Economists, 19-3011. Ngati ndi kupereka upangiri wa malamulo monga loya, ndi Lawyers, 23-1011, ndipo pamenepo padzafunika chiphaso cha uloya. Malangizo a undunawu a 2009 amati ntchito ikasakaniza magulu awiri, atenge gulu la malipiro okwera. Pemphani kalata yofotokoza ntchito yanu, muiyerekeze ndi zimene tsamba la O*NET, lofotokoza magulu a ntchitowa, lalemba pa nambala iliyonse.

Gulu lililonse lili ndi magawo anayi a malipiro, kuyambira Level I ya ongoyamba kumene amene amayang'aniridwa kwambiri, kufika Level IV ya akatswiri odziyimira paokha. Magawo apakati amapezeka pogawa patatu kusiyana kwa Level I ndi Level IV. Tingoyerekeza: ngati Level I ndi $60,000 ndipo Level IV ndi $105,000, kusiyana ndi $45,000, gawo limodzi mwa atatu ndi $15,000, ndiye Level II ndi $75,000 ndipo Level III ndi $90,000. Mukuona kuti kutsitsidwa gawo limodzi lokha n'kutaya ndalama zambiri pa zaka zitatu.

Posankha gawo amayambira pa 1, kenako amawonjezera ngati ntchitoyo ikufuna zaka zambiri za luso kuposa zomwe gululo limafuna, maphunziro oposa, luso lapadera monga chilankhulo china, kapena kuyang'anira antchito ena. Chimene chimawerengedwa ndi zomwe ntchitoyo ikufuna, osati mapepala onse amene inu muli nawo. Ngati malonda a ntchitoyo adati digiri yoyamba ndi yokwanira, digiri yanu yachiwiri siyikweza gawo payokha, ngakhale ingakweze actual wage ngati bungwelo limalipira ena mochuluka chifukwa cha digiri yotere. Koma ngati kalata yopita ku boma ikunena kuti muzitsogolera kagulu ndi kulangiza aphungu panokha, Level I siyikugwirizana nayo, ndipo a USCIS, nthambi ya boma yovomereza mapempho a visa ngati limeneli, amaziona zimenezi.

Ndondomeko yake ndi iyi. Bwana amadzaza Labor Condition Application (LCA), fomu ETA-9035, momwe amalonjeza malipirowo. Sangaipereke kukadali miyezi yoposa 6 ntchito isanayambe. Ayenera kupachika chidziwitso m'malo awiri oonekera pa ntchitopo kwa masiku 10, kapena kudziwitsa antchito pa kompyuta. Undunawu umavomereza fomuyi m'masiku 7 ogwira ntchito, ndipo apa pali msampha: iwo amangoona ngati yadzazidwa bwino ndi ngati mulibe cholakwa choonekeratu. Kudindidwa kwa LCA si umboni woti nambala ya ntchito ndi yolondola. Ikavomerezedwa, bwana amatumiza fomu I-129 ku USCIS, omwe amayerekeza ntchito yofotokozedwayo ndi nambala ya pa LCA, n'kuonanso ngati ntchitoyo ikufunadi digiri yogwirizana nayo mwachindunji. Uphungu sufuna digiri iliyonse, ndiye nambala 11-1031 ikuphwanya yokha pempho lanu. A USCIS akhoza kufunsa umboni wina, kukana, kapena kudzalanda chilolezo atabwera kudzayendera pa ofesi. Wovutika kwambiri pamenepo ndi inu, chifukwa nthawi yanu ya F-1 imakhala ikutha.

Muli ndi ufulu wolandira kope la LCA pasanadutse tsiku loyamba ntchito. Bwana ayeneranso kusunga public access file, yokonzedwa pasanathe tsiku limodzi logwira ntchito chiperekereni LCA, momwe muli malipiro anu, njira imene adapezera actual wage ndi gwero la prevailing wage. Aliyense angapemphe kuiona, inunso.

Tsopano za theka la malipiro. Nyumba ya Malamulo ya Texas imakumana kamodzi pa zaka ziwiri, masiku osaposa 140 kuyambira January, pokhapokha bwanamkubwa ataitanitsa msonkhano wapadera. Ndiye "miyezi imene Nyumba sikukumana" ndi pafupifupi nthawi yanu yonse. Lamulo sililola zimenezi. Ngati LCA yati ntchito ndi ya maola onse, malipiro athunthu ayenera kubwera, kosachepera kamodzi pa mwezi, ngakhale bwana alibe chokupatsani choti muchite. Nthawi yokhayo imene angaimitse malipiro ndi pamene inuyo mwapempha tchuthi pa zifukwa zanu, ndipo ngakhale apo malamulo ena a tchuthi angakutetezeni. Ngati akufunadi munthu wa maola ochepa, alembe choncho pa LCA ndi pa I-129, atchule maola ndi malipiro a pa ola. Kusintha kwakukulu pambuyo pake, monga kuchepetsa maola kapena kukusamutsirani ku Houston kapena Washington, kumafuna LCA yatsopano ndi pempho losinthidwa musanasamuke, chifukwa prevailing wage imatsata dera. Za bonasi, imawerengedwa pa malipiro oyenerawo pokhapokha ngati ili yotsimikizika, osati yodalira mmene bwana waonera.

Za kudula ndalama: msonkho wa ACWIA, wolipiridwa ku boma popereka pempho la H-1B, womwe ndi $750 kwa bwana wa antchito 25 kapena ochepera ndi $1,500 kwa wa antchito ambiri, suyenera kuchokera m'thumba mwanu mwa njira iliyonse. Ndalama za loya ndi zolipira zina za pempholi zimawerengedwa ngati zowonongera bizinesi ya bwana, ndipo sangakuduleni ngati kuteroko kukutsitsa malipiro anu pansi pa mlingo wa lamulo. Munthu amene waikidwa ndendende pa prevailing wage ndiye kuti sangadulidwe ngakhale dola imodzi ya loya. Sangakulipiritseninso chindapusa chifukwa chosiya ntchito msanga. Chololedwa ndi kubweza zotayika zenizeni zomwe mudagwirizana, malinga ndi malamulo a chigawocho. Ndalama ya $100,000 yomwe Pulezidenti Donald Trump adalamula mu September 2025 pa mapempho ena atsopano a H-1B, a USCIS adafotokoza kuti siyikhudza munthu amene ali kale m'dzikomo ndipo wavomerezedwa kusintha kuchoka pa F-1. N'chifukwa chake musatuluke m'dzikomo pempho lili m'kati musanafunse loya.

Funsaninso ngati bungwelo lili m'gulu losadikira maere. Malo a H-1B ndi 65,000 pa chaka, kuwonjezerapo ena 20,000 a omwe ali ndi digiri yachiwiri ya ku America, ndipo ofuna akachuluka amasankhidwa pa maere. Mayunivesite, mabungwe ogwirizana nawo ndi mabungwe ofufuza osafuna phindu salowa m'maerewa, ndipo prevailing wage yawo imawerengedwa poyerekeza ndi mabungwe a mtundu womwewo, choncho nthawi zambiri imakhala yotsikirapo. Kungokhala bungwe losafuna phindu sikokwanira. Liyenera kusonyeza kuti kufufuza ndi imodzi mwa ntchito zake zenizeni.

Ngati mwayamba kale ntchito n'kupeza kuti akukuberani, dandaulo limapita ku Wage and Hour Division, nthambi ya unduna wa zantchito, pa fomu WH-4, pasanathe miyezi 12 chichitikireni cholakwacho. Simulipira kanthu. Akapeza kuti bwana ndi wolakwa, amamulamula kubweza malipiro onse otsala, angamulipitse chindapusa, ndipo pa milandu ikuluikulu amamuletsa kupemphera antchito visa kwa chaka chimodzi mpaka zitatu. Ngati simukukhutira ndi chigamulo, muli ndi masiku 15 okha opempha kuti woweruza wa undunawu amve nkhaniyo. Lamulo limaletsa bwana kukuopsezani kapena kukuchotsani chifukwa chodandaula. Akakuchotsani nthawi isanathe, ayenera kudziwitsa USCIS ndi kukulipirirani ulendo wobwerera kwanu, ndipo muli ndi masiku ofika 60 opeza bwana wina. Watsopanoyo akangotumiza pempho lake mukhoza kuyamba ntchito, kupatula ngati mukuchoka ku bungwe losadikira maere kupita ku lomwe limadikira.

Pakali pano, lemberani bungwelo pa imelo, mwaulemu, kupempha zinthu zitatu: kalata yofotokoza ntchito yanu mwatsatanetsatane, chifukwa chimene adasankhira 11-1031 ndi Level I, ndi chitsimikizo cholembedwa cha malipiro a miyezi yonse 12 popanda kudula za loya. Sungani mayankho awo pa imelo yanuyanu, osati ya ku ntchito. Kumbukirani kuti loya amene akudzaza mafomuwa walembedwa ndi bungwelo, choncho tengani mapepalawa mukaonetse loya wanu wa za visa, kapena poyambira ofesi ya ophunzira akunja ya pa yunivesite yanu, LCA isanatumizidwe.