Nyama yopserera kunja, mkati muli magazi: kodi ndigule chowotchera chodula?

Owerenga wina anditumizira imelo. Akuti akufuna kuyamba kuwotcha ndi kuwamba nyama kuseri kwa nyumba yawo, koma atayesa, nyama inapserera kunja mkati ikadali yaiwisi, kuwonjezera apo inkawawa utsi. Ndiye akufunsa ngati agule chowotchera chachikulu ngati zimene amaziona pa YouTube.

Achimwene, ndalamazo zisungeni kaye. Chimene chinakuvutani ndi moto, ndipo chowotchera chodula sichidzakuphunzitsani moto.

Ndikukhulupirira kuti munayika nyama pamwamba penipeni pa makala oyaka, mafuta n'kumadonthera pamoto, malawi n'kumainyambita. Kawotchedwe kotereka kamayenera tinthuli topyapyala ndi soseji. Nthuli yaikulu imafuna moto wofatsa kwa maola ambiri, chivundikiro chili chotseka, kutentha mkatimo kuli pakati pa madigiri 107 ndi 135 Celsius.

Chowotchera chilichonse chimatha ntchito imeneyi, bola chikhale ndi chivundikiro ndi mabowo a mpweya pansi ndi pamwamba. Chija chozungulira cha kampani ya Weber, chimene George Stephen anapanga ku America mu 1952, nzeru yake ndi yomweyo basi. Mgolo wodula pakati umagwiranso ntchito, koma usakhale umene munali mankhwala, kapena wachitsulo chokutidwa ndi zinki ngati malata. Muutenthe kaye ndi moto waukulu kuti penti yense apse musanayikemo chakudya.

Tsono apa ndiye pagona nkhani. Makala muwaunjike mbali imodzi yokha. Mbali inayo ikani mbale yachitsulo yokhala ndi madzi, nyama ikhale pa waya pamwamba pa mbaleyo. Mafuta azidonthera m'madzi, ndipo nyama izipsa ndi mpweya wotentha wozungulira mkatimo. Bowo la pachivundikiro likhale mbali ya nyama, kuti utsi uziyamba wadutsa pa nyamayo usanatuluke. Moto mumauwongolera ndi mabowo a pansi: mukawatsegula umakula, mukawachepetsa umafatsa. Sinthani pang'ono, kenako dikirani mphindi 10 kapena 15 muone mmene wayankhira. Ambiri amalephera apa chifukwa cha phuma, amangotsegula n'kutseka mpaka moto kusokonekera. Bowo la pamwamba musalitseke konse. Ndipo lekani kusuzumira pafupipafupi, chifukwa mukavundukula kutentha kumathawa, makala n'kulandira mpweya wambiri nthawi imodzi.

Kuwawa kuja kunachokera ku utsi woyera wochindikala, umene umatuluka nkhuni zikamanyeka mopanda mpweya wokwanira kapena zikakhala zaziwisi. Utsi wabwino ndi wopyapyala, wabuluu pang'ono, woti simungauone msanga. Tizidutswa tiwiri kapena titatu ta nkhuni zouma, tofanana ndi chibakera, timakwanira pamwamba pa makala. Mitengo ya zipatso, monga maapozi, malalanje ndi gwafa, imapereka fungo lokoma. Paini ndi mitengo ina ya utomoni ayi. Matabwa opaka penti kapena othiridwa mankhwala a chiswe musawayandikize n'komwe, utsi wake ndi poizoni. Ena amanyika nkhuni m'madzi asanaziyike pamoto. Ine sindiona phindu lake, kumangochedwetsa kuyaka.

Poyatsa makala musathire palafini kapena petulo, fungo lake limakakamira pa nyama. Mapepala ndi tinkhuni n'zokwanira, ndipo dikirani makala ayere phulusa pamwamba. Kukagwa mvula musalowetse chowotchera m'nyumba kapena m'galaja. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide umene sununkha koma umapha.

Ngati dzanja likuyabwabe kuti mugule kanthu, gulani choyezera kutentha chobaya m'nyama. Chibayeni pamnofu wochindikala, osakhudza fupa. Nkhuku yapsa ikafika madigiri 74. Nyama yogaya ya ng'ombe kapena ya nkhumba ifike 71. Nthuli ya nkhumba kapena ya ng'ombe ifike 63, kenako ipume mphindi 3. Maso amanama pa nyama yowamba: utsi umasiya mzere wofiirira pansi pa khungu, moti nkhuku yopsa bwinobwino imatha kuoneka ngati yaiwisi.

Yambani ndi ntchafu za nkhuku. Zili ndi mafuta, siziuma msanga, ndipo zikalakwika simulira kwambiri. Zithireni mchere dzulo lake n'kuzisunga mufiriji. Nkhuku imafuna moto wokwererapo, madigiri 150 mpaka 175, apo ayi khungu limatuwa n'kumatamuka. Ola limodzi kapena kupitirira pang'ono zapsa. Msuzi wokhala ndi shuga muupake m'mphindi 15 zomaliza, chifukwa shuga sachedwa kupserera.

Moto ukayamba kukumverani, yesani phewa la nkhumba. Nyama imeneyi ili ndi mitsempha yambiri yolimba, imene imasungunuka pang'onopang'ono ikakhalitsa pamoto wofatsa. Pa madigiri 63 ndi yosaopsa kudya, koma kuti ifewe mpaka kumanyotsoka ndi foloko iyenera kufika cha m'ma 90 mpaka 95. Ikafika cha m'ma 65 mpaka 75 mudzaona choyezera chitangoima, mwina maola awiri kapena kuposa. Musawonjezere moto. Madzi amene akutuluka pa nyama ndiwo akuiziziritsa, ngati mmene thukuta limachitira pathupi. Mukhoza kungodikira, kapena kuikulunga mu pepala la aluminiyamu kuti idutse msanga, kungoti chikhungwa chokoma chakunja chija chimafewako.

Phewa la makilogalamu 3 limatha kudya maola 10 kapena kuposa, choncho yatsani moto m'bandakucha ngati mukufuna alendo adye dzuwa lisanalowe, ndipo makala ena akhale pafupi. Ikapsa musaidule nthawi yomweyo. Ikulungeni, muifunditse chopukutira, ipume ola limodzi. Yotsala ilowe mufiriji pasanathe maola awiri mutaigawa.