Malita 20 koma makilo 19, kodi anandipungulira mafuta?

Funso: Zikomo akonzi. Ine ndimakhala ku Mayfair kuno ku Joni. Mwezi watha ndinagula chigubu cha mafuta ophikira cha malita 20 choti nditumizire mayi anga ku Mangochi, koma a transipoti atachiika pa sikelo chinangokwana makilo 19, pamodzi ndi chigubu chomwecho. Ndiye kuti kushopu anandipungulira? Mwana wanga akuti ndi nkhani ya density koma akufotokoza zosamveka. Mayi wodandaula, Mayfair.

Yankho: Mayi, mtima m'malo, palibe anakupungulirani, ndipo mwanayo akunena zoona, mumuyamikire. Lita imayeza malo amene chinthu chatenga, kilo imayeza kulemera kwake. Timazisokoneza chifukwa cha madzi, poti madzi lita imodzi imalemera kilo imodzi ndendende ndiye timangoganiza kuti chilichonse chamadzimadzi chili choncho, koma ayi.

Density ndi mmene chinthu chathinanira mkati mwake, kapena tinene kuti kulemera kwake pa lita iliyonse. Kuwerengetsa kwake nkosavuta, mutenge makilo mugawe ndi malita basi. Mafuta ophikira ali pa 0.92, ndiye malita 20 kuchulukitsa ndi 0.92 akutipatsa makilo 18.4, mukaonjezera pulasitiki ya chigubucho ndi 19 mwaionayo. Nchifukwa chakenso mafuta amayandama pamwamba pa msuzi m'poto, ndi opepuka kuposa madzi. Chigubu chomwecho mutadzaza uchi, umene uli pa 1.4, chingakwane makilo 28, a transipoti akanakutchajani zambiri.

Poti tili mu mzinda wa golide, umene unayamba atapeza golide ku Witwatersrand mu 1886, ndikuuzeni ichi chimene chimandidabwitsa mpaka pano. Golide weniweni ali pa 19.3, kutanthauza kuti kabotolo ka lita imodzi kodzaza golide kangalemere kuposa mafuta onse a m'chigubu chanu chija! Chitsulo chili pa 7.9 chabe.

Nanga chinthu chopanda shepu yabwino ngati mwala kapena tcheni? Chiyezeni kaye pa sikelo ya magalamu, kenako chiviikeni mu jagi yokhala ndi mizere ya mamililita muone madzi akwera bwanji, kukwerako ndiye malo amene chatenga. Mwala wa magalamu 260 ukakweza madzi ndi mamililita 100, ndiye 260 kugawa ndi 100, density yake ndi 2.6. Abale athu ambiri agulitsidwapo matcheni mumsewu mtauni muno akuuzidwa kuti ndi golide, zimandiwawa chifukwa marandi ake timawapeza movutikira, pomwe brass, chitsulo chachikasu chooneka ngati golide chimene amanamizira nacho anthu, imangothera cha m'ma 8.5 ndipo jagi ndi sikelo zingakuuzeni. Kungoti golide wa zibangili amasakaniza ndi zitsulo zina ndiye safika 19.3, wa 9 carat (carat ndi muyezo wa kuchuluka kwa golide weniweni m'chinthucho) amakhala cha m'ma 11.

Mafutawo mayi akalandira okwanira, malita 20 onse.