Kwa achimwene amene akufuna hatchi yodalirika ya pa Chiweru ku Turffontein

Achimwene, mwafunsa zinthu ziwiri: ndani m'gulu muno ali ndi mahatchi "osalephera" a mipikisano ya pa Chiweru ku Turffontein, bwalo la mipikisano ya mahatchi la ku Johannesburg, ndiponso ngati nkwanzeru kutumiza K50 kwa munthu wa pa WhatsApp amene akuti amadziwana ndi anyamata a m'makola a ku Johannesburg. Ndiyamba ndi chachiwirichi poti n'chosavuta. Musatumize.

Anthu oterewa amachita chonchi. Mpikisano ukakhala ndi mahatchi 8, amagawa makasitomala awo m'magulu 8, gulu lililonse n'kulipatsa hatchi yakeyake. Mulimonse zikhalire, gulu limodzi lipambana basi, ndipo mawa lake ndi lomwelo limene lidzajambule matikiti n'kuwaika pa Facebook. Magulu 7 otsalawo amangoti zii ndi manyazi. Komanso munthu wodziwadi hatchi yopambana sangaulule, chifukwa anthu akaithamangira odds yake imatsika, iye mwini n'kudya zochepa. Wogulitsa chinsinsi pa K50 akukuuzani yekha kuti phindu lake lili pa inu, osati pa hatchi.

Musanaike ngwee iliyonse, muonetsetsenso kuti zimene mukuonera ndi mahatchi enieni. M'mashopu obetchera muno mu Chipata, ndi pa mafoni pomwe, muli mahatchi a pa kompyuta amene amathamanga mphindi zochepa zilizonse, usana ndi usiku. Amenewo alibe mbiri, satopa, sadwala, mvula siwakhudza. Wopambana amasankhidwa ndi makina, ndiye amene amakhala pabenchi ndi kope n'kumalemba manambala amene "atsala pang'ono kutuluka" akungotha inki. Zonse ndilembe pansipa ndi za mahatchi a magazi, othamanga pa bwalo lodziwika pa ola lodziwika. Mwayi wathu ndi woti nthawi ya ku South Africa ndi yofanana ndi yathu, choncho ola limene lalembedwa pakhadi ndi lomwelo pa wotchi yanu.

Mayina a mahatchi sindikupatsani lero. Mndandanda umasintha mpaka m'mawa wa tsiku lenilenilo: ina imachotsedwa itavulala, wokwera wina amasinthidwa, mvula imagwa usiku. Chimene ndingakupatseni ndi kawerengedwe ka khadi la mipikisano, limene mungalipeze ulere pa intaneti.

Ambiri amangoona timanambala ta pafupi ndi dzina la hatchi, monga 1, 2, 1, 3, n'kunena kuti iyi ndiye yake. Timanambalati timangonena malo amene inathera m'mipikisano yapitayi, koma sitinena kuti inkalimbana ndi ndani. Hatchi imene yangopambana kumene maiden, mpikisano wa mahatchi amene sanapambanepo, ikalowa handicap, mpikisano umene hatchi iliyonse imasenza katundu molingana ndi luso lake, imakumana ndi akuluakulu amene anazolowera kupambana, ndipo nthawi zambiri imaoneka mwana. Pomwe ina imene inathera pa 6 mu mpikisano wapamwamba wa Grade 1 kapena Grade 2, lero n'kutsikira m'gulu lapansi, ingathe kuwasiya onse. Ndiye mukaona nambala, fufuzani mtundu wa mpikisanowo, ndiponso mtunda umene inatsalira kumbuyo kwa wopambana. Kuthera pa 5 utatsala ndi utali wa hatchi imodzi n'kwabwino kuposa kuthera pa 2 utasiyidwa ndi utali wa mahatchi 8.

Tsopano katundu, pamene pagona nkhani ya handicap. Ku South Africa bungwe la National Horseracing Authority limapatsa hatchi iliyonse nambala yotchedwa merit rating, pakhadi imalembedwa MR. Hatchi ikachita bwino nambalayo imakwera, ikamalephera imatsika. Pointi imodzi ndi theka la kilogalamu, kotero hatchi ya MR 84 imasenza makilogalamu 2 kuposa ya MR 80. Cholinga chake n'chakuti onse afike pamzere pamodzi, ndipo n'chifukwa chake mipikisano ya handicap ndi yovuta kulosera. Wina anganene kuti makilogalamu 2 n'chiyani pa nyama yaikulu chonchija. Funsani anyamata a njinga za hayala a pa Kapata: kathumba kakang'ono koonjezera sikamveka ponyamuka, kamamveka pachitunda chomaliza miyendo itayamba kulemera. Ulendo ukatalika katundu amavuta kwambiri, choncho pa mamita 1000 musade nawo nkhawa ngati pa mamita 2400.

Chimene ine ndimakonda kufufuza apa ndi hatchi imene MR yake yatsika kufika pamene inapambanirapo kale. Inapambana ili pa 78, anaikweza mpaka 86, yakhala ikulephera, tsopano yabwerera pa 79. Timanambala take timaoneka tonyansa, anthu amaidumpha, odds n'kukwera. Onaninso okwera ophunzira ntchito, amene amachotseredwa katundu mpaka makilogalamu 4. Mwana wochenjera ali pamsana pa hatchi yosavuta ndi phindu, koma pa hatchi yamakani yofuna dzanja lolimba makilogalamu amenewo amathera m'kulimbana nayo. Hatchi zapamwamba zenizeni zimasenza n'kupambanabe. Do It Again inapambana Durban July, mpikisano wotchuka wa chaka ndi chaka ku Durban, mu 2018, ndipo mu 2019 inabwereza itasenza makilogalamu 60, chinthu chimene chinali chisanachitike motsatizana chichokereni El Picha mu 1999 ndi 2000. Koma mahatchi otere sapezeka mu mpikisano wachitatu wa Chiweru wamba.

Bwalo nalo lili ndi khalidwe lake, ndipo apa ndi pamene ife a kuno timaluzira, poti sitinapondepo. Turffontein ili ndi njira ziwiri. Yaikulu, imene pakhadi amalemba Standside, ili ndi chitunda mahatchi asanalowe m'njira yowongoka yomaliza, ndipo njira yomalizayo ndi yaitali. Hatchi yothamanga ndi mtima wonse kuyambira pa geti imafika pamenepo mpweya utatha, zodekha n'kuidutsa. Njira yam'kati, Inside, ndi yopanikiza, makona ake ndi afupi, ndipo imakomera hatchi imene ili kutsogolo kapena pafupi ndi kutsogolo. Musabetche musanaone kuti pa Chiweru akugwiritsa njira iti. Greyville ku Durban ili ndi njira yomaliza yaifupi, wochedwa kunyamuka amapeza mpikisano watha. Kenilworth ku Cape Town amazungulira chakumanzere, pomwe Turffontein ndi Greyville amazungulira chakumanja, ndipo pali mahatchi amene mbali imodzi samasuka nayo. Johannesburg ilinso pamtunda, mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja, ndiye hatchi yochokera ku gombe siibwera ndi mphamvu zake zonse nthawi zonse. Pakhadi pamakhala mzere wosonyeza kuti hatchi yathamanga kangati pa bwalo limeneli ndi pa mtunda umenewu, n'kupambana kangati. Ine mzere umenewu ndimauwerenga ndisanaone dzina la wokwera.

Za nthaka ndi zachidule. Ku Johannesburg mvula imagwa nyengo yofanana ndi yathu, ku Cape Town imagwa m'miyezi yozizira. Bwalo likanyowa amalengeza kuti ndi soft kapena heavy, ndipo pali mahatchi okonda matope ndi ena odana nawo. Greyville ndi Fairview ku Gqeberha alinso ndi njira ya polytrack, yosakhala ya udzu. Zimene hatchi inachita pa polytrack musazitengere pa udzu osaganiza kawiri.

Nambala ya geti, malo amene hatchi imanyamukira, imagwira ntchito pamene pali kona. Pa mamita 1450 kapena 1600 pa njira yam'kati, hatchi ya geti 14, yonyamukira chakunja, imayenera kusankha: kuwononga mphamvu kuti ilowe m'kati, kubwerera kumbuyo kwenikweni, kapena kuzungulira panja ulendo wonse. Pa mipikisano yowongoka, monga ya mamita 1160 pa Turffontein pomwepo, kona palibe, koma mbali imodzi ya bwalo itha kukhala yolimba kuposa inzake tsiku limenelo. Njira yodziwira ndi kuonera mipikisano iwiri yoyambirira osabetcha, n'kuona kumene opambana akudutsira.

Okwera ndi ophunzitsa mahatchi ndi ofunika, koma aliyense amawadziwa kale, ndiye mtengo wawo uli kale mu odds. Wokwera Richard Fourie anaswa mbiri ya Anthony Delpech ya kupambana ka 334 m'nyengo imodzi, komabe ngakhale m'nyengo imeneyo ya 2023/24 mipikisano imene analuza inali yambiri kuposa imene anapambana. S'manga Khumalo, wokwera wachikuda woyamba kupambana Durban July, pa Heavy Metal mu 2013, nayenso anthu amamuthamangira chifukwa cha dzina. Chothandiza kwambiri ndi ichi: mphunzitsi mmodzi, tinene Sean Tarry, akalowetsa mahatchi awiri mu mpikisano umodzi, onani imene wakwezapo wokwera wake wamkulu. Onaninso hatchi imene yapuma miyezi itatu kapena kuposa, chifukwa nthawi zambiri ulendo woyamba umakhala wochotsa dzimbiri. Imene yavala koyamba ma blinkers, zotchinga m'mbali mwa maso, kapena yofulidwa kumene, itha kusintha khalidwe, koma chimenecho chokha si chifukwa chobetchera. Kumbukiraninso kuti kumwera kuno mahatchi onse amaonjezera chaka pa 1 August, choncho ya zaka 3 mu September idakali yanthete poyerekeza ndi ya zaka 3 mu May.

Mukachita zonsezi, pa mahatchi 12 mutsala ndi atatu kapena anayi. Apa ndiye pamene ambiri amasokonekera, chifukwa amafunsa kuti ipambane ndi iti. Funso loyenera ndi lakuti kodi odds imene akundipatsa ikukwanira mwayi wa hatchi imeneyi? Kulikonse kumene kuli mipikisano, hatchi yokondedwa kwambiri imapambana pafupifupi kamodzi pa katatu. Tiyeni tiwerengere. Mwaika K10 pa yokondedwa m'mipikisano 30, ndiye kuti mwatulutsa K300. Yapambana ka 10 pa odds ya 2.50, mwalandira K250. Mwalosera bwino kakhumi konse, anzanu akukutamani, koma m'thumba mwachoka K50. Kuti mungobweza ndalama zanu pa hatchi yopambana kamodzi pa katatu, odds iyenera kukhala 3.00. Shopu nayo imadya pakati: mahatchi awiri ofanana mphamvu anayenera kukhala 2.00 aliyense, koma mudzapeza 1.85 kapena chapomwepo, ndipo kusiyana kumeneko ndi kumene kumalipira lendi ndi magetsi awo. Ndiye ngati mwaona kuti hatchi ili ndi mwayi umodzi pa inayi ndipo akupereka 6.00, pamenepo pali nzeru, ngakhale kuti katatu pa kanayi muluza. Ngati akupereka 3.00, isiyeni ipambane yokha.

N'chifukwa chake pa khadi la mipikisano 9 kapena 10, yoyenera kuikapo ndalama imakhala iwiri, mwina itatu. Ya maiden yodzaza mahatchi amene sanathamangepo ine ndimaidumpha, poti palibe choti n'kuwerenga, amene akudziwa ndi eni khola okha. Ya handicap yapansi ya mahatchi 16 ndimaidumphanso, chifukwa amenewo amasinthana kupambana sabata ndi sabata.

Chizolowezi chathu cha ku mpira, chomanga matimu khumi pa tikiti imodzi ya K5, chisabwere kuno. Ngati hatchi iliyonse ili ndi mwayi umodzi pa itatu, kuti mahatchi 6 apambane onse ndi mwayi umodzi pa 729, ndipo akakhala 8 ndi umodzi pa 6,561. Pick 6, yolosera opambana m'mipikisano 6, imakoka chifukwa cha mamiliyoni amene amalengeza, koma amene amaisewera mozindikira amaika mahatchi angapo pa mpikisano uliwonse, ndipo mtengo umachulukana. Awiri okha pa mpikisano uliwonse ndi mizere 64 kale. Kwa woyamba ngati inu, win, yobetchera kuti hatchi ipambane, ndi place n'zokwanira. Place imalipira pang'ono hatchi ikathera m'malo oyambirira, koma funsani kaye kuti akulipira malo angati, chifukwa zimadalira kuchuluka kwa mahatchi, ndipo ena akachotsedwa malowo amachepa. Funsaninso ngati odds ndi yokhazikika pa nthawi imene mwabetcha, kapena ndi ya tote, imene imadziwika mpikisano ukatha ndalama za onse zitagawidwa. Swinger, yosankha awiri kuti onse akhale mwa atatu oyamba, ndi yabwinonso mukakhala ndi mahatchi awiri amene mukulephera kuwasiyanitsa. Trifecta ndi quartet, zolosera atatu kapena anayi oyamba mu ndondomeko yake, zidikire kaye.

Ndalama yake ikhale imene mukanadyera kanyenya ndi kumwera zoziziritsa kukhosi pa Chiweru. Ya feteleza, ya sukulu, kapena imene mwalandira mutagulitsa chimanga ndi soya isayandikire pafoni tsiku limenelo, ndipo yokongola pa mobile money ndiye ayi ndithu. Muike malire m'mawa, ikatha mwatha, chifukwa mpikisano womaliza ndi umene anthu amaponyapo zonse pofuna kubweza, ndipo kawirikawiri umakhala handicap ya mahatchi ambiri ija ndanena kuti ndi yodumpha. Ana osakwana zaka 18 amene mwina akuwerenga muno, izi si zanu.

Pa Chiweru m'mawa, mndandanda wa mahatchi ochotsedwa ndi lipoti la nthaka zikatuluka, jambulani mipikisano iwiri imene mwasankha muike pansi pa uthenga uno. Mulembenso mahatchi amene mwataya ndi chifukwa chake, ndi odds imene shopu yanu ikupereka pa amene atsala, tidzaunike limodzi mpikisano woyamba usanayambe.