Mankhwalawa amapha kachirombo kapena amakabuloka?

Wophunzira wina wa ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, kuno ku Blantyre, wafunsa kuti: "Bambo, pofotokozera anthu za mankhwala a antisense oligonucleotides, ndizinena kuti amapha kachirombo kapena amakabuloka?"

Mwanangu, zonse ziwirizo ayi. Kubulokako kusiyeni pa WhatsApp, kumene achinyamata amabulokana chibwenzi chikatha.

Kupha nakonso n'kunama. Kachirombo kakalowa m'selo kamalemba uthenga wake, uja mumautcha mRNA, woti selo liwerenge n'kukapangira mapuloteni. Mankhwalawa ndi kachingwe kafupi, ka zilembo pafupifupi 20, zosanjidwa moti zigwirane ndi za uthengawo, G ndi C, A ndi U. Kakamatirira, uthenga suwerengeka, mwinanso enzaimu ya RNase H, puloteni ya m'selo yogwira ntchito ngati lumo, imabwera n'kuudula. Kachirombo kalipobe, koma kasowa poswanirana. Asayansi Paul Zamecnik ndi Mary Stephenson anaonetsa zimenezi mu 1978 pa kachirombo kotchedwa Rous sarcoma virus, m'maselo a nkhuku, ndi zilembo 13 zokha. Mu 1998 dziko la America linavomereza mankhwala otere otchedwa fomivirsen, obaya m'diso, a odwala Edzi amene kachirombo ka CMV kankafuna kuwachititsa khungu.

Mawu ake ndi kupinga. Nenani kuti mankhwalawa amapinga uthenga wa kachirombo. Kupinga si kutseka wamba, ndi kuika chinthu chopingasa panjira kuti wodutsa agwe mphwayi. N'chifukwa chake mavuto timawatcha zopinga. Agogo anga ankati mpiringidzo wa pachitseko ndi mbale wake wa mawu omwewa, ndipo palibe amene adzanditsutse zimenezo ine ndili moyo. Mpiringidzo supha fisi, umangomukaniza khomo.

Koma chimene chandiwawa n'china: m'kalata yanu mwalemba "kachilombo". Kalanga ine! Malamulo a Chichewa Board aja ankati pambuyo pa i ndi e pamabwera r. Ifetu tinkakwapulidwa nazo kusukulu. Lero yendani mu Limbe muwerenge zikwangwani, aliyense akungolemba mmene lilime lamugwera. Chirombo ndi chija cholusa cha kuthengo, ndipo amene anayamba kuchichepetsa ndi ka- kuti atchule kanthu kosaoneka ndi maso koma kolusa chimodzimodzi, ameneyo ankachidziwa Chichewa.

Dzina loti antisense lisiyeni momwemo. Mukalimasulira kuti "chotsutsa nzeru", odwala adzathawa pamzere.