Fayilo imene sinakwere ili ndi inu nokha

Kalata yafika Lachiwiri usiku kuchokera kwa mayi wina wa ku Rosettenville, mlembi wa gulu la chipereganyu. Ali ndi foda imodzi pa cloud, malo osungira mafayilo pa intaneti, imene amagawana ndi wapampando komanso msungichuma, koma iwo amalembera pa laputopu kunyumba kumene kulibe Wi-Fi. Funso lawo ndi lakuti, kodi zimene alemba zisanakwere pa intaneti n'zotetezeka, popeza zili kale m'fodamo?

Amayi, ayi, sizotetezeka. Kalata yanu ndinaiwerenga kawiri kenako ndinaika foni pansi, chifukwa mwandikhudza pachilonda.

Mu 2023 ndinali mlembi wa gulu lathu la maliro. Ambiri mwa ife ndi ochokera ku Ntcheu ndi ku Balaka, ndipo tinkakumana Lamlungu loyamba la mwezi m'galaja ya m'bale wina ku Turffontein. Cholinga cha gulu n'chimodzi basi: mnzathu akatisiya kuno ku Joni, thupi lake likagone kwawo. Amene anayendapo msewu umenewo akuudziwa, Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue, mpaka kulowa pa Mwanza. Galimoto isananyamuke pamafunika chikalata cha imfa, kalata yoti thupi lakonzedwa, chilolezo chotulutsira thupi m'dziko, ndipo chilichonse chimadya ndalama. N'chifukwa chake lamulo lathu linali lolimba: amene watsalira miyezi itatu osapereka, gulu silimunyamula lonse. Ndiye mukuona kuti fayilo ya zopereka ija sinali chabe manambala. Inali mawu omaliza pa tsiku limene mwini wake sangathenso kudziyankhira.

Fayiloyo ndinkailemba ine, mu Excel, ndipo inkakhala m'foda imene tinkagawana anthu anayi a komiti. Chaka chimenecho mukuchikumbukira. Magetsi ankazima kawiri kapena katatu patsiku, nthawi ya stage 6 tinkakhala mumdima maola ambirimbiri, ndipo akazima netiweki ya foni nayo inkafooka. Kunyumba ndinalibe Wi-Fi, ndinkalumikiza laputopu ku foni, ndipo pofuna kusunga data ndinkaimitsa sync, ntchito yokweza mafayilo pa cloud, n'kumati ndidzaiyatsa ndikapeza intaneti yaulere. Pa nthawi yomweyo mnzathu wina wa komiti, ndi mtima wabwino ndithu, anaika m'foda muja mavidiyo a mwambo wa maliro wa m'mbuyomo kuti achibale aone. Malo anadzaza. Tsiku limene ndinayatsa sync, fayilo yanga sinakwerebe, ndipo kachizindikiro kofiira kanali pakona ya sikirini, koma ine ndinkangoona dzina la fayilo lili m'foda n'kukhazika mtima pansi. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti zonse zimene ndinalemba zinali pamalo amodzi okha padziko lonse, m'chikwama changa.

Chikwamacho anandilanda madzulo ena pafupi ndi renki ya mateksi ya Noord. Ndinadandaula za laputopu, koma za fayilo sindinade nkhawa ngakhale pang'ono. Ndinauza msungichuma pafoni kuti asavutike, zonse zili pa cloud.

Patapita milungu iwiri, bambo wina wa gulu lathu anamwalira. Ankagwira ntchito ya m'munda wamaluwa chakumpoto kwa mzindawu, munthu wofatsa, wosalankhulalankhula pamsonkhano. Msungichuma atatsegula fayilo, inaonetsa kuti bamboyo anapereka komaliza mu Epulo. Ine ndinkadziwa kuti anapereka mu Juni ndi mu Julayi, chifukwa ndalamazo anandipatsa pamanja, zitapindidwa mu envelopu, ndipo ndinazipereka kwa msungichuma pamodzi ndi za ena. Koma msungichuma ankangolandira zonse pamodzi, dzina ndi dzina linali kwa ine.

Msonkhano wa usiku umenewo sindidzauiwala. Tinakhala ndi nyali ya batire, magetsi atazima, mkazi wa malemu akuimba foni kuchokera kumudzi kufunsa kuti galimoto inyamuka liti. Anthu ena anayamba kunena kuti lamulo ndi lamulo. Wina anati malemuwo ankakonda kuzengereza. Munthu ali mufiriji, sanaikidwe n'komwe, tikumunenera za ngongole imene analibe. Nditaimirira kuchitira umboni, ndinaona m'maso mwa anthu ena funso limene sanalitulutse pakamwa: ngati anaperekadi, ndalamazo zinapita kuti, a mlembi? Sindikuwaimba mlandu. Inenso ndikanakhala pampando wawo ndikanafunsa chimodzimodzi.

Amene anatipulumutsa ndi gogo wina amene amakhala kumbuyo kwenikweni pamsonkhano uliwonse ndi kope lachikuto cholimba. Palibe anamutuma kuti azilemba, ankangolemba yekha amene waimirira kukapereka. Mawa lake anabwera nalo kopelo, ndipo dzina la malemu linalimo, Juni ndi Julayi. Zina tinazitola m'mauthenga a WhatsApp ndi m'masilipi a kubanki. Thupi linanyamuka, koma mochedwa ndi masiku anayi, ndipo masiku anayi amenewo kumudzi anthu anali atasonkhana kale pasiwa, akudya chimanga cha mayi wamasiye. Mpaka lero ndikaganiza za masiku anayi amenewo ndimasowa tulo.

Ndiye ndinena mosapsatira, ndipo amene akufuna kukwiya akwiye. Foda ya pa cloud si nkhokwe. Anthu amene amatiphunzitsa zinthu zimenezi, ana athu, adzukulu athu, anyamata a m'ma internet cafe a ku Yeoville ndi ku Hillbrow, amangoti "ikani m'foda umu, basi zasungika", ndipo mawu amenewo ndi amene akupweteketsa anthu. Foda imene mukuiona pa laputopu yanu ndi foda wamba ya pa laputopu yanu. Chimene chimaipanga kukhala ya cloud ndi kapulogalamu kamene kamanyamula zimene mwaikamo n'kupita nazo ku makompyuta a kampaniyo, n'kubweretsanso zimene anzanu asintha. Kapulogalamuko kakaima, kaya chifukwa cha data, kaya malo adzaza, kaya mwatuluka mu akaunti, fodayo imaonekabe chimodzimodzi. Dzina lomwelo, mtundu womwewo. Siikuwa.

Tonse kuno timadziwa za katundu wotumiza kumudzi. Mukhoza kumanga chikwama bwinobwino, kulemba dzina la amayi anu ndi nambala yawo ya foni, koma ngati chikadali kunsi kwa bedi ku Rosettenville, simungaimbe foni kuti akachidikire pa Wenela ku Blantyre. Chiyenera kufika kaye ku Park Station kapena m'manja mwa wa thiransipoti, ndipo ngakhale pamenepo mtima sukhala pansi mpaka a kumudzi atanena kuti talandira. Pa katundu timachenjera chonchi, koma pa fayilo timangokhulupirira. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Fayilo imene sinakwere ndi fodya wa pachala.

Dzina la Wenela lija landikumbutsa agogo anga aamuna, amene anabwera kuno kumigodi kudzera ku bungwe lomwelo lolemba anthu ntchito, Kamuzu asanaletse ulendowu mu 1974 ndege itagwa ku Francistown ndi anthu athu. Mapepala awo onse ankawasunga m'kachitini, koma nambala yawo ya ntchito anailembanso m'Baibulo la agogo aakazi, ndiponso anaiuza mchimwene wawo kuti ailoweze pamtima. Sanapite patali ndi sukulu, koma ankadziwa kuti chinthu chokhala pamalo amodzi chili ngati palibe. Akatswiri a makompyuta lero amachitcha 3-2-1: makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali ndi nyumba. Agogo ankachita zomwezo ndi chitini, Baibulo ndi mutu wa m'bale wawo. Ife a mafoni odula ndi amene tataya nzeru imeneyi, ndipo ndimakwiya ndikamva wachinyamata akuseka gogo wa kope pamsonkhano.

Ndipo foda yogawana ili ndi vuto lina limene foda ya inu nokha ilibe: manja ndi ambiri. Mnzanu akafufuta fayilo, imafufutikanso kwa inu. Akasintha dzina la foda kapena kuisuntha, laputopu yanu imatsatira ikangolumikizidwa. Komiti ikasintha, mwini foda akhoza kukuchotsani, ndipo fodayo ikhoza kuchoka pa kompyuta yanu. Anthu amati musaope, pali bini. Zoona, bini ilipo pa mapulogalamu a cloud awa: Google Drive imasunga zofufutidwa masiku 30, Dropbox yaulere masiku 30, OneDrive ya munthu payekha masiku 30 ndipo ya kuntchito kapena kusukulu masiku 93. Koma bini ya pa cloud imasunga zokhazo zimene zinafika pa cloud. Mbiri ya zosintha, imene imakulolani kubwerera ku fayilo ya dzana, nayonso imadziwa zokhazo zimene zinakwera. Ntchito yanu ya usiku wathawu, imene sinakwere, kumeneko sakuidziwa n'komwe.

Palinso nkhani ya anthu awiri kulemba fayilo imodzi. Inu mwalemba kunyumba popanda intaneti, msungichuma naye walemba yake ku ntchito. Zikakumana, Dropbox imapanga fayilo yachiwiri yolembedwa kuti "conflicted copy", OneDrive imawonjezera dzina la kompyuta kumapeto kwa dzina la fayilo. Kenako pamabwera munthu wokonda ukhondo, n'kuona mafayilo awiri ofanana, n'kufufuta imodzi. Nthawi zambiri sanaitsegule n'komwe. Gulu lililonse lili naye munthu ameneyu.

Ndisaiwale mapasipoti. Magulu athu amakonda kuunjika zithunzi za mapasipoti, mapamiti ndi manambala a achibale m'foda imodzi, kenako linki yake n'kuiponya pa gulu la WhatsApp la anthu makumi asanu. Dziko lino lili ndi lamulo la POPIA loteteza zinsinsi za anthu, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julayi 2021, koma ngakhale lamulolo likanakhala kulibe, mapepala a mlendo kuno ndi moyo wake. Asakhale m'foda imene aliyense wokhala ndi linki angatsegule.

Zizindikiro zija

Musamayang'ane dzina la fayilo, muziyang'ana kachizindikiro kali pambali pake. Kochonga kobiriwira ndiye kuti zafika. Mivi yozungulira ndiye kuti zikadali panjira. X wofiira ndiye kuti zakanika, ndipo musatseke laputopu musanadziwe chifukwa. Pa OneDrive kamtambo ka buluu kamatanthauza kuti fayilo ili pa intaneti pokha, pa laputopu palibe, ndiye magetsi ndi netiweki zikapita simuitsegula. OneDrive imaimanso yokha Windows ikaona kuti intaneti yanu ndi yowerengera data, kapena laputopu ikalowa mu battery saver, zinthu ziwiri zimene ife olumikiza ku foni timakhala nazo tsiku ndi tsiku. Malo aulere nawo ndi ochepa: 2 GB pa Dropbox, 5 GB pa OneDrive, 15 GB pa Google, ndipo a Google amagawidwa ndi Gmail ndi Photos. Pa Dropbox yaulere foda yogawana imadya malo a aliyense amene alimo, choncho vidiyo ya mnzanu imodzi ikhoza kutseka njira ya fayilo yanu. Ogwiritsa Drive for desktop, pulogalamu ya Google Drive ya pa kompyuta, adziwenso kuti mafayilo okanika kukwera nthawi zina amaikidwa mu foda yotchedwa Lost and Found pa kompyuta pomwepo, ndipo musatuluke mu akaunti kapena kuchotsa pulogalamuyo sync isanamalize.

Tsono inu amayi, chitani izi. Musamalembere m'foda yogawana. Pangani foda yanu pa laputopu, kunja kwa ya cloud, muzilembera mmenemo, ndipo mukamaliza muzikopera fayiloyo ku foda ya gulu, osati kuisuntha. Dzina lake lizikhala ndi deti, monga zopereka-2025-03-02, kuti yatsopano isaphimbe yakale. Usiku womwewo ikaninso pa flashi imene siyenda m'chikwama chimodzi ndi laputopu. Mukapeza intaneti, dikirani kochonga kobiriwira, kenako tsegulani fodayo pa foni kapena funsani msungichuma kuti akuwerengereni mzere womaliza umene akuuona. Wolemba akhale mmodzi, enawo apatsidwe mwayi wongoona. Mavidiyo apite kwina. Ndipo wapampando akafuna kukonza foda kapena kuchotsa anthu, ayambe walengeza pagulu, aliyense atsimikize kuti zake zakwera.

Kope musalisiye. Kwathu tinagwirizana kuti gogo uja azikhala kutsogolo pafupi ndi msungichuma, ndipo pakutha pa msonkhano uliwonse ine ndimawerenga maina pa laputopu, iye akuchonga m'kope, tisanatseke ndi pemphero.